Petulo akununkha m'boti, geji ili phee pa E: ndithandizeni abale

LOLEMBA

Zuze: Mwaswera bwanji abale anga. Ndabwera ndi vuto, mutu wanga waima. Boti langa la faiba lija ndimaolotsera anthu pa Mtayamoyo kufupi ndi Bangula layamba zachilendo. Dzulo m'mawa ndinathira malita 60 mu thanki ya pansi pa mpando. Kutembenuza kiyi, muvi wa geji uli phee pa E. Tikagunda funde umadumpha pang'ono n'kugwanso. Fungo la petulo lili guu boti lonse, ndipo madzi omwe timakapa pansi aja akuoneka utawaleza. Ulendo wachitatu tili pakatikati injini inayamba kutsamwa. Mphwanga akafinya pampu ya m'manja ya pa paipi ya petulo ikumadzuka, akasiya ikumafookanso. Injini ndi Yamaha ya 60, two stroke, masilinda atatu, yolizira kiyi.

Zuze: Ndisabise, ndayamba kukayikira mphwangayo. Ndi amene amagona ku doko. Malita 60 angasowe bwanji tsiku limodzi?

Mayi a Tadala: Ine ndinali momwemo ulendo umenewo. A Zuze, munatiika m'manja mwa Mulungu. Injini ikukhosomola, mvuu zikupumira chapafupi pompo, amayi ena anayamba kale nyimbo ya maliro. Makakana anga kufika pa msika wa Bangula kasitomala akundifunsa ngati ndawawedza mu thanki.

Tchale: Ndiye kuti makakanawo sanavute kukolezera moto 😂

A Fole: Tchale, nkhani ya petulo m'boti si yoseka. Zuze mwana wanga, tisanakambe china chilichonse: boti limenelo lisanyamule munthu mawa. Chotsa waya wa minus pa batire, tsegula mipando ndi matabwa onse apansi, likhale pa mphepo. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, siuluka ayi, imakhala pansi pa boti ngati madzi osaoneka. Kamoto kamodzi ka pa waya kapena ndudu ya pasinjala, basi.

Zuze: Madala, tsiku limodzi osagwira ntchito ana adya chiyani?

A Fole: Adya zomwe akanadya iwe utapsa. Imika boti.

Admin Jusa: A Fole anena zoona. Zuze mverani akulu.

Saidi: Achimwene, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri ku nyanja, ku Monkey Bay. Izi ndi kabuleta basi. Kasingano ka m'kati kakamata, petulo amasefukira n'kumatsikira m'munsi. Masulani makabuleta atatu onsewo mutsuke, vuto latha.

A Fole: A Saidi, kabuleta imasefukira ndithu, sindikukana. Koma ikasefukira petulo amadzaza m'chivindikiro cha injini n'kutsikira mu mtsinje kumbuyo, ndipo injini imatsamwa chifukwa chokhuta: utsi wambiri, mapulagi onyowa. Iyi ikudzuka munthu akafinya pampu, ndiye kuti ili ndi njala, sikukhuta. Musamutumize mwanayu kukamasula makabuleta atatu pa mchenga wa pa doko, ataya tizitsulo tomwe sadzatipezanso ku Chigwa kuno.

Saidi: Tiona.

A Fole: Zuze, wabweretsa matenda atatu m'thumba limodzi ndipo ukuwatenga ngati amodzi. Fungo ndi lina, kutsamwa ndi kwina, geji ndi ina. Ndiye wawonjezerapo lachinayi lomwe mwina kulibe, la umbava. Ndikufunse: kodi unaviika ndodo mu thanki kuti uone petulo watsala wochuluka bwanji? Kapena wangokhulupirira muvi?

Zuze: Sindinaviike madala.

A Fole: Ndiye sukudziwa ngati petulo wasowa. Ukudziwa chabe kuti geji ikunena choncho.

Gift wa Magetsi: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pansi pa thalakitala kuno ku Nchalo. Za geji mundisiyire ine. A Zuze, kuseri kwa geji kuli timabawuti tolembedwa zilembo. I ndi moto wochokera ku kiyi, G ndi ethi (waya wopita ku minus), S ndi waya wochokera ku sender, kachida ka mu thanki koyeza kuchuluka kwa petulo, ndipo pena pamakhala L wa getsi la usiku. Mupeze multimeter, mita yoyezera magetsi ija. Ngati mulibe, anyamata okonza mafoni amakhala nayo.

Zuze: Alipo wina pa msika, ndikabwereka m'mawa.

Gift wa Magetsi: Koma mudikire fungo lithe kaye monga anenera madala. Kenako bwezerani batire, kiyi pa ON osaliza injini. Yezani pakati pa I ndi G, pazioneka mavoti 12 ndi kanthu. Mukatero masulani waya wa pa S muone komwe muvi upite. Ndiye tengani kawaya kakafupi mugunditse S ndi G kwa kamphindi. Zonsezi muchitire kuseri kwa geji komweko, ku chiwongolero. Musakagunditse mawaya pamwamba pa thanki, chonde.

Tchale: Kwathu ku Ndindi geji ndi khutu. Umagogoda chigubu n'kumva kulira kwake.

Mayi a Tadala: A Tchale inu bwato lanu ndi lopalasa, geji mungaidziwire kuti?

Tchale: Lopalasa silinatsamwepo pakati pa mvuu, amayi.

LACHIWIRI

Zuze: Mwadzuka bwanji nonse. Boti laima, mtima ukuwawa kuona anzanga akunyamula anthu anga. Gift, ndayeza. I ndi G pakuoneka 12.4. Kuchotsa waya wa S muvi ukukhala pa E. Kugunditsa S ndi G muvi ukuthamanga mpaka kupitirira F.

Gift wa Magetsi: Zili bwino. Geji yanu ndi yamoyo, moto ukufika, ethi ya kuchiwongolero ilinso bwino. Vuto lili pakati pa waya wa S ndi thanki. Chotsaninso minus pa batire mutsegule pamwamba pa thanki, pali kachitsulo kozungulira komangidwa ndi timabawuti. Jambulani mutumize.

Zuze: (chithunzi)

Zuze: (chithunzi)

Gift wa Magetsi: Eeee a Zuze. Ndani anachita zimenezi?

A Fole: Maso anga ndi okalamba, foni yanganso ndi yaing'ono. Fotokoza zomwe ukuona.

Zuze: Timabawuti tilipo tinayi, bowo lachisanu lili pululu ndipo silikugwirizana ndi la pansi, lasemphana pang'ono. Waya wakuda wangolendewera, kumapeto kwake kuli kamphete koma sikomangidwa paliponse, kakungokhudza chitsulocho. Mphira ya pansi pake yafufuma, yatulukira m'mbali ngati mtanda wa mandasi, kuigwira ikumata m'zala. Ponseponse ndi ponyowa petulo, fumbi lamatirira lasanduka phala lakuda.

A Fole: Mphira imeneyo ndi ya chubu cha galimoto, sichoncho?

Zuze: Ikuoneka choncho. Milungu iwiri yapitayi ndinagula sender yatsopano mu shopu ina ku Limbe chifukwa yakale inali itawola. Inabwera yopanda gasiketi. Mnyamata wina wokonza njinga zamoto ndi amene anandiikira, anadula chubu.

Gift wa Magetsi: Ndiye bwanji simunanene dzulo kuti sender ndi yatsopano??

Zuze: Ndimaona ngati poti ndi yatsopano singakhale ndi mlandu.

Admin Jusa: 🤦🏾‍♂️

A Fole: Musamunyoze, aliyense anaphunzira polakwitsa. Zuze, mvetsera. Mabowo asanu a pa sender sanatalikirane mofanana. Anawapanga dala choncho kuti chitsulocho chikhale njira imodzi yokha. Ukachiika mopotoka, anayi amatha kulowa mokakamiza koma lachisanu limakana. Mnyamata wakoyo anafika pamenepo, anaona kuti lakana, anangolisiya. Akanangochizungulitsa mpaka onse asanu atayang'anizana. Ndiye taona chomwe chachitika: bowo lija lakhala potulukira petulo nthawi iliyonse thanki ikadzaza kapena boti likapendeka, ndipo bawuti yomwe anaisiyayo ndi yomwe imayenera kugwira waya wa ethi. Bawuti imodzi, matenda awiri.

Gift wa Magetsi: Ndi pomwe anzathu a magalimoto ndi njinga amasokonekera. Pa galimoto bodi yonse ndi ethi, ukamanga chinthu pa chitsulo chalandira kale minus. Boti la faiba silidutsa magetsi. Thanki ikhoza kukhala ya chitsulo koma yakhala pa faiba, ndiye popanda waya wakuda uja sender ili yokhayokha ngati Makhanga nthawi ya madzi. N'chifukwa chake muvi umagona pa E, ndipo umadumpha funde likagunditsa kamphete kaja pa chitsulo.

Mayi a Tadala: Musatikumbutse za Makhanga a Gift, ena a ife Freddy wa 2023 tikumulotabe.

Gift wa Magetsi: Pepani amayi, pakamwa panatsogola.

A Fole: Koma taganizani inu nonse. Waya wosamangidwa akugundagunda pa chitsulo chonyowa petulo, pansi pa mpando wokhalapo anthu. Moto wa pa sender ndi wochepa kwambiri, inde, koma ine sindingaikepo mdzukulu wanga pa mpando umenewo.

Tchale: Pakani sopo wa m'mbale uja wobiriwira, amagwira petulo. Madalaivala a malole amachita zimenezo.

A Fole: Sopo ndi wokufikitsa kunyumba thanki ikabooka kutchire. Ndinachitapo, sindikana. Koma madzi oyamba kumugwera wasungunuka, ndipo boti limakhala pa madzi. Silikoni nayenso ayi, ndikudziwa wina anena. Petulo amamufewetsa n'kukhala ngati therere, tizidutswa timagwera mu thanki n'kukatseka sefa. Chubunso mwaona nokha, mphira yake simvana ndi petulo. Pamafunika gasiketi ya koko (cork) kapena mphira ya nitrile. Ndili ndi chipepala cha koko kuno ku Nsanje, ndikudulira ndipatsire kondakitala wa minibasi ya masana. Undiyezere kukula kwa chitsulocho. Pansi pa mutu wa bawuti iliyonse pamafunikanso kawashala kotseka, chifukwa petulo amakwera ndi mazinga.

Zuze: Takhuta madala, Mulungu akudalitseni. Nditumiza muyeso pompano.

A Fole: Usanathokoze, tikambe za mphwako. Popa petulo yense wa mu thanki umuike m'zigubu, umuwerenge. Osayamwa ndi pakamwa ayi, gwiritsa pampu ya m'manja yomweyo ndi paipi. Ndipo undiuze injini inayenda nthawi yaitali bwanji Lamulungu lija.

Admin Jusa: Ndamulowetsa Mateyu, mphwake wa Zuze uja, m'gulu, wandipempha yekha. Akuti nkhani yamufika kudzera kwa anthu a pa doko.

Mateyu: Moni akuluakulu nonse. Amalume, ndamva. Sindiyankha zambiri, agogo a Fole afunsa za nthawi ndiyankhe zimenezo. Tinayenda maulendo atatu, wachiwiri tinazungulira chifukwa namasupuni anatseka njira. Zonse pamodzi ndi ngati ola limodzi ndi theka. Pobwera ndi katundu timatsegula moto wonse, popita theka.

A Fole: Zikomo mdzukulu. Two stroke ya 60 ukaitsegulira moto wonse imamwa malita opitirira 20 pa ola. Pa theka imamwa ochepa kwambiri. Ndiye ine ndikuyembekezera kuti mupeza malita a pakati pa 35 ndi 40. Popani tione.

Mateyu: Tapopa. Chigubu cha 20 chadzaza, chachiwiri chatsala pang'ono kudzaza, mwina zala zitatu. Tinene 38.

Tchale: Khoti lagamula 😂😂 Amalume alipire mbuzi.

Mayi a Tadala: A Zuze, mwana wa mlongo wanu ameneyo. Amagona ku doko kulumidwa ndi udzudzu chifukwa cha boti lanu. Mukapepese kwa iye ndi kwa mayi ake omwe, nkhani yafika kale kutali.

Zuze: Ndamva amayi. Mateyu, tikambirana kunyumba, si za pa gulu.

Mateyu: Munandinenera pa gulu amalume.

Admin Jusa: Chabwino chabwino, tibwerere ku injini.

Saidi: Koma kutsamwa kuja simunakupeze. Ine ndikadali pa kabuleta.

A Fole: Tikupita komweko. Mateyu, poti manja ndi ako, ndilankhula ndi iwe. Pampu ya m'manja ukaifinya imalimba ngati mango osapsa, kapena imangokhala wefuwefu?

Mateyu: Imalimba pang'ono agogo, koma ukaisiya kanthawi imafewanso. Ndiye m'manja mumatsala fungo.

A Fole: Injini ikamayenda, pampu yake imakoka petulo kuchokera mu thanki, ndiye paipi yonse kuyambira ku thanki imakhala ikuyamwa. Pakakhala kamng'alu, m'malo motulutsa petulo kamalowetsa mpweya. Moto wochepa injini imapirira, koma ukatsegula wonse imalandira thovu. Ukazimitsa, dzuwa n'kuwomba, kamng'alu komweko kamayamba kudontha. N'chifukwa chake anthu amasaka podontha injini ikulira n'kusapeza kanthu. Chita izi: pukuta paipi yonse iume, finya pampu mpaka ilimbe, ndiye uyendetse pepala la nyuzi paliponse polumikiza. Pepala silinama. Uyang'anenso muvi wolembedwa pa pampuyo, uziloza ku injini. Pomaliza upinde paipi pang'onopang'ono pafupi ndi polumikiza paliponse, ming'alu imabisala pamenepo.

Gift wa Magetsi: Onaninso connector yolowa ku injini, m'kati mwake muli kamphete ka mphira, ka O-ring. Kakaphwanyika zimachitanso chimodzimodzi.

Mateyu: Ndapeza agogo. Pomwe paipi yochokera ku thanki ikulowa mu pampu ya m'manja anamangapo waya wa mpanda m'malo mwa kalampu. Wayayo wadula paipi kuzungulira, kupinda pakutseguka ngati kamwa la mlamba. Paipi yakenso yauma gwa, kuikanda m'kati mukutuluka tinthu takuda. Connector ndi youma, pepala silinanyowe.

A Fole: Ndi ameneyo. Usangodula kansonga n'kubwezera, sintha paipi yonse. Tinthu takudato tapita kale kutsogolo, ndiye masula kakapu ka sefa pa injini utsuke, ndipo pobwezera uonetsetse kuti mphira yake yakhala bwino, apo ayi wapanga podontha pena. A Saidi, apa mukhoza kupeza mbali yanu: ngati zinyalalazo zadutsa sefa, makabuleta adzafuna kutsuka. Koma tiyambe taona.

Saidi: Mwaona, ndinanena.

Tchale: Wotchi yakufa nayo imalondola kawiri pa tsiku a Saidi.

Bambo a Chikondi: Ine ndimangowerenga koma apa ndilowepo. Mapaipi masiku ano sakulimba chifukwa cha petulo wosakaniza ndi ethanol ameneyu. Kale sizinali choncho.

A Fole: Kale lake liti bambo? Dziko lino linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, ambiri m'gulu muno musanabadwe. Amachokera ku molasesi wa nzimbe zomwezi mukuziona ku Nchalo ndi ku Dwangwa. N'zoona kuti ethanol amaumitsa mphira yomwe sinapangidwire petulo wotere, ndipo amakoka chinyezi. Thanki ikakhala theka kwa milungu pa mtsinje, madzi ndi ethanol zimatha kupatukana n'kukhala pansi, pomwe paipi imayamwira. Koma chomwe chasintha kwambiri ndi mapaipi omwe tikugula. Munthu amalowa mu hadiweya n'kugula paipi ya madzi kapena ija yoonekera m'kati ya amisiri omanga nyumba, poti ndi yotchipa. Miyezi iwiri pa dzuwa la Okutobala la kuno, lomwe ku Ngabu limapitirira madigiri 40, yauma ngati bango. Gulani yolembedwa pambali kuti ndi ya mafuta, ya saizi yofanana ndi yakale, ndi makalampu osachita dzimbiri.

Bambo a Chikondi: Nanga madzi mu petulo tingawadziwe bwanji? Enafe timagula wa m'zigubu.

A Fole: Botolo la galasi loyera. Thiramo petulo, liike pa mthunzi kanthawi. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino. Zuze, poti thanki yako ili yopanda kanthu lero, chita zimenezo ndi petulo womaliza kutuluka. Ndipo usaiwale kapaipi kopumira thanki. Mavu amakonda kumangamo nyumba. Kakatsekeka, masana thanki imafufuma n'kukankha petulo paliponse pofooka, ndipo injini ikamayenda pampu ya m'manja imaphwa n'kukhala yophwatalala.

Mateyu: Agogo, nanga pampu ya pa injini tingaidziwe bwanji kuti ili bwino? Ndisadzamasulenso kawiri.

A Fole: Funso la mmisiri limenelo. Masula mabawuti omwe aigwirizira ku injini, mapaipi uwasiye momwemo. Kuseri kwake kuli kabowo. Finya pampu ya m'manja mpaka ilimbe ukuyang'ana kabowoko. Pakatuluka petulo, diaphragm, kamphira ka m'kati mwa pampuyo, yabooka, ndipo petulo ameneyo amalowa m'injini osadzera ku kabuleta, n'chifukwa chake pulagi imodzi imakhala yakuda ndi yonyowa kuposa zinzake. Pakakhala pouma, bwezera, usaononge gasiketi yake.

Mateyu: Pouma agogo.

Gift wa Magetsi: A Zuze, sender ili panja pomwepo, ikani mita pa ohms muyeze pakati pa kabawuti ka pakati ndi chitsulo chake. Choyandama chili pansi mulembe nambala, chili m'mwamba mulembenso. Ndikufuna ndione kanthu kena.

Zuze: Mwini mita wabwera kudzatenga, akuti makasitomala akudikira. Tiyeza tsiku lina. Gasiketi yafika, tikumanga.

Gift wa Magetsi: Hmm. Chabwino. Koma waya wakudayo musangomumanga, mutsatireni mpaka komwe akuthera, azikafika ku minus. Mukasenda n'kupeza kopa wakuda kapena wobiriwira, dulani mpaka mupeze wowala. Zopota ndi zala n'kukulunga tepi pa boti sizikhalitsa, chinyezi chimalowa. Wotcherani ndi soda kapena finyani ndi timphete, kutali ndi thanki.

Zuze: Abale!! Zatheka. Mabawuti asanu onse alowa okha popanda kukakamiza. Paipi yatsopano, makalampu anayi. Tabwezera malita 38 aja, thanki ndi ya 80, ndipo muvi waima pa theka ndendende. Taliyesa mpaka kutsidya moto wonse, osatsamwa ngakhale kamodzi. Fungo kulibe. Madala a Fole, Gift, Mulungu akupatseni moyo wautali.

Saidi: Ndiye makabuleta simutsuka?

Admin Jusa: A Saidi gonani.

LACHITATU

Zuze: Abale, ndabweranso. Musandiseke. M'mawa uno ndawonjezera malita 40, thanki yatsala pang'ono kudzaza. Kutembenuza kiyi, muvi WATSIKA, uli pansi pa kota. Tayenda maulendo anayi, muvi ukukwera. Pano wayandikira theka.

Tchale: Boti likubereka petulo!! A Zuze musakonze chilichonse, ndikubwera ndi zigubu 😂😂😂

Mayi a Tadala: Koma boti limeneli lipite ku mapemphero.

Gift wa Magetsi: Ndi chomwe ndimafuna muyeze dzulo chija. Si ufiti, mwakwatitsa mitundu iwiri yosamvana. Ma sender a thanki ofala ali pawiri. Wachimereka amapereka ma ohms 240 thanki ikakhala yopanda kanthu, ndi 33 ikadzaza. Wa ku Ulaya amayambira pa 0 ikakhala yopanda kanthu n'kukwera mpaka 190 ikadzaza, ena amalemba 10 mpaka 180. Mwaona kuti akuyenda mosemphana? Geji yanu tinaiona kale Lachiwiri: kugunditsa S ndi G inathamangira ku F, ndiye ndi yachimereka, ma ohms ochepa kwa iyo ndi thanki yodzaza. Ikanakhala ya ku Ulaya ikanagwera ku E. Sender yomwe munagula ku Limbe iyenera kuti ndi ya 0 mpaka 190.

Zuze: Nanga dzulo inalondola bwanji?

Gift wa Magetsi: Mwangozi. Pa theka la thanki sender yanu imapereka ma ohms a m'ma 95, ndipo geji yachimereka imaika muvi pa theka ikaona a m'ma 100. Ndi malo okhawo omwe awiriwa amakumana, ngati maboti awiri odutsana pakati pa Shire. Mukanathira malita 20 kapena 70 dzulo mukanaona pompo.

Mateyu: Ndabwerekanso mita. Sitinamasule, ndangochotsa waya n'kuyeza pamwamba pa sender, batire ndinachotsa. Ndodo ikuonetsa petulo wopitirira theka pang'ono, mita ikuti 118. Pa katoni yomwe inabweramo ndapezanso polembedwa 0-190, amalume anaisunga pa denga.

Gift wa Magetsi: Basi, mlandu watha. Mateyu ubwere ku Nchalo ndikuphunzitse ntchito, uli ndi mutu.

Zuze: Musandilande mnyamata a Gift.

Tchale: Dzana anali mbava, lero ndi mnyamata wanu.

Bambo a Chikondi: Osangosinthanitsa mawaya awiriwo bwanji kuti iziwerenga molondola?

Gift wa Magetsi: Sizitheka bambo. Sender ili ngati mpopi wochepetsa kapena kuchulukitsa magetsi odutsa, ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Mukasinthanitsa mawaya nambala ndi yomweyo. Ndipo mukasokoneza n'kuika moto wa kiyi molunjika pa sender, muiotcha ili m'kati mwa thanki ya petulo. Musayerekeze.

Saidi: Ku nyanja tinkatembenuza mkono wa choyandama kuti uziyenda chadodolido.

Gift wa Magetsi: Pa sender ya mkono ena amachitadi, ndipo muvi umayamba kuyenda mbali yoyenera. Koma werengani nambala a Saidi. Thanki ikauma ipereka 190, pomwe geji ikudikira 240 kuti inene E. Ndiye petulo atatheratu muvi udzakhala ukuonetsabe kuti watsalako. Kumtunda zikanena zochuluka palibe kanthu, koma kumunsi ndi komwe munthu amafuna choonadi. Ine sindingamuchitire zimenezo munthu wonyamula anthu.

A Fole: Ndagwirizana ndi Gift. Pa mseu mafuta akatha umaima pambali n'kudikira kabaza. Pa Mtayamoyo madzi amakutenga, ndipo chiyambire pomwe njira ya pamtunda inaduka mu 1997 takwirira anthu okwanira. Sintha chimodzi, sender kapena geji, chomwe chipezeke msanga. Kunena zoona ine ndikanasintha geji. Ili pouma, mawaya atatu, ndipo gasiketi yanga yakhala kale bwino, sindikufuna muisokonezenso.

Gift wa Magetsi: Apo pokha madala ndikutsutsani pang'ono. Sender yomwe ilimo sitikudziwa ngati kutalika kwake kukugwirizana ndi kuya kwa thanki, poti woika uja sanayeze kanthu. Ikakhala yaifupi, geji yatsopano idzanena E petulo akadalimo wambiri. Ikakhala ya mkono wautali, choyandama chimagunda pansi kapena khoma msanga. Ayeze kaye kuya kwa thanki, ndiye tione chotchipa.

A Fole: Wanena bwino. Ukalamba si nzeru zonse.

Mateyu: Kuya ndi masentimita 25 kuchokera pa chitsulo mpaka pansi, ndinayeza dzulo thanki ili yopanda kanthu. Sender ndi ya ndodo yowongoka, choyandama chimakwera ndi kutsika pa ndodopo. Ndinaiyerekeza ndi tepi, ndi 20.

Gift wa Magetsi: Yaifupi ndi masentimita 5, ndiye gawo limodzi mwa magawo asanu a thanki siliwerengedwa. Pamafunika yosiya kampata ka sentimita imodzi kapena awiri pansi. A Zuze, gulani sender ina: 240-33, ya masentimita 23 kapena 24, mabowo asanu, ndipo muwauze akupatseni ndi gasiketi yake. Mutenge mita popita, muyeze pa kauntala pomwepo musanapereke ndalama. Choyandama pansi 240, m'mwamba 33.

Saidi: Poti a Gift muli pompo, yanga geji ya ma rev, yoonetsa kuzungulira kwa injini, ikumavina yokha. Injini ndi Yamaha yomwe.

Gift wa Magetsi: Pa Yamaha waya wobiriwira ndi wa rev, wachikasu ndi moto wa kiyi, wakuda ethi. Yambani mwalimbitsa wakuda ndi mitu ya batire. Ikapitiriza, yezani batire injini ikuyenda, mavoti azikwera kuposa pomwe inali chozima. Akapanda kukwera kayikirani rectifier, kachida kotchajitsa batire. Ndipo musamachotse waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja, ndi zomwe zimapha rectifier zimenezo.

Saidi: Ndinachitadi zimenezo sabata yatha.

Tchale: Tsukani makabuleta a Saidi 😂

Zuze: Pakadali pano geji ndaimata tepi kuti isandisokoneze. Mateyu wasema ndodo ya nsungwi, tikuthira malita khumikhumi n'kumadula chizindikiro. Alipo wokwera ku Limbe sabata ino?

Mayi a Tadala: Ine Lachisanu ndikupita ndi nsomba zouma. Mundilembere pa pepala manambala amenewo, zilembo zikuluzikulu, mita yomwe mundipatse Mateyu andionetse pogwira. Koma a Zuze, kwa mlongo wanu munapita?

Zuze: Ndipita madzulo ano amayi.

Mateyu: Amayi akuti mubwere ndi nkhuku amalume, ya tambala, osati kamsoti.